Dengu Lomwe Amuna Anga Anakana Kundichotsera

Amayi anzanga, ndi inu abambo ochepa mwabisala kumbuyoko, ndakupatsani moni nonse. Amene simundidziwa, ine ndine mayi a Tadala, ndimakhala m'mudzi uli kuseri kwa shedi yopimira tiyi, njira yotsikira ku Khonjeni. Atcheya a gulu lathu lino la ogulitsa pa foni andinong'oneza kuti ndilankhule mwachidule. Andikhululukire, nkhani yangayi chidule ilibe.

Dengu ndanyamulali sindikugulitsa ayi, musayambe kulisuzumira. Ndabwera nalo kuti lindithandize kuchitira umboni, chifukwa pakamwa pokha pena pamachita manyazi. Ndikudziwa kuti muno muli ena amene lero m'mawa, musanasukusule n'komwe, munayamba mwatsegula foni kuti muone timitima tomwe anthu adina pansi pa katundu wanu. Musaweramitse mutu, nanenso ndinali choncho. Ine timitima timeneto tinatsala pang'ono kundithera banja.

Tiyi ndinayamba kutchola ndili mtsikana. Amuna anga, bambo a Tadala, kwawo ndi ku Thekerani, kuno anabwera chikamwini, ndipo pa esiteti ankagwira ntchito yokweza masamba pa ngolo ya thirakitala. Tsiku lina la chiperoni anaterereka pa ngolopo, mwendo n'kuthyoka. Kuchipatala ku Boma anayesetsa, fupa linagwirana, koma linagwirana mokhota. Ntchito inathera pomwepo.

Inu mukudziwa mmene amakhalira mkamwini wopanda ntchito. Palibe anawatukwana, ayi, abale anga ndi anthu opemphera. Kungoti achimwene anga akamadutsa ankati, "Alamu, mwaswera bwanji pakhondepo?" Mawu oti "pakhondepo" ankawakoka pang'ono. Amuna anga ankayankha mwaulemu, koma madzulo chakudya ankangodya theka, ati akhuta. Munthu amene ankaimba likhweru posamba anangoti zii. Zinkandipweteka kwambiri, koma ndinalibe chowapatsa.

Chinawadzutsa ndi dengu langa lotcholera, limene linabooka pansi. Anati ndiwapatse aone. Anakatulutsa kampeni ka malemu bambo awo, kamene kankangogona pansi pa sutikesi, n'kutuma anthu nsungwi. Zaka zonse zija ine osadziwa kuti ndinakwatiwa ndi munthu woluka! Lakale lija sanalisoke, analuka latsopano. Nsungwi ankasankha zokhwima, kuzing'amba, kuzipala, kenako kuzisanjika pa nsanja ya kukhitchini kuti zimwe utsi mpaka ziume gwa. Ankati nsungwi yosamwa utsi anankafumbwe saisiya. Ndipo dengu lililonse, mmunsi mwa mkombero, ankalukiramo kamzere kamodzi ka nsungwi yoda ndi utsi. Taonani apa, ndi kameneka. Imeneyi ndiyo siginecha yawo.

Mwana wathu Tadala, amene akugwira ntchito mu sitolo ku Limbe, ndi amene ananditumizira foni ya tachi n'kunditsegulira tsamba pa msika wa pa intaneti uja. Ndinajambula dengu nditalikhazika pakati pa tiyi, m'mawa mame asanaume. Amayi a m'tauni anapenga nalo. Ena ati aziikamo zovala zochapa, ena ati maluwa. Ine ndinkangoseka, dengu lotcholera tiyi kukakhala pa sitingirumu! Mtengo anatchula amuna anga eni ake, atalingalira ntchito yonse imene imalowa m'dengu limodzi. Ndalama yoyamba itagwa pa foni, ndinakaitapa kwa ejenti n'kuwapatsa m'manja. Tsiku limenelo anatenga ndodo yawo, anapita okha kukagula shuga ndi sopo, ndipo pobwera anadzera dala pakhomo pa achimwene anga, jumbo ili poyera. Madzulo ake ndinamva likhweru kubafa. Ndinaima kuseri kwa mpanda ndikulira ngati mwana.

Tsopano tcherani khutu, apa ndi pamene ndinaterereka ineyo.

Pa msika wa pa foni paja pali malo amene amakuonetsa anthu omwe adina kamtima, ndi ena omwe anafunsa kuti "zingati?" n'kungosowa. Pambali pake pali podina kuti uwatumizire uthenga wowachotsera mtengo. Nonse mukupadziwa. Ine ndinakulira m'mbali mwa msewu, amayi anga akugulitsa nthochi. Kwathu munthu akaima pa malonda ako ndi mlendo. Umamupatsa moni, umamufunsa za kunyumba, ndipo suchita bwino akachoka chimanjamanja. Ndiye ndikaona timaina tija, tili ndi tizithunzi take, uyu wabereka mwana, uyu wavala yunifomu ya unesi, ndinkaona ngati afika pakhomo panga, anena odi, ine n'kuwasiya chiimire. Manyazi ankandigwira enieni. Ndinkati mumtima, mwina mayiyu yamuperewera pang'ono, ndimukankhireko.

Ndinawachotsera angapo. Anagula tsiku lomwelo. Ndinati eya, ndapeza mankhwala.

Kuchokera pamenepo zinayenda mothamanga. Aliyense wodina kamtima, uthenga. Akapanda kuyankha, ndinkati ndamunyoza ndi kuchotsera pang'ono, ndiye ndinkachotseranso. Anthu a m'tauni si opusa, anandiwerenga msanga. Mayi wina anachita kulemba poyera pansi pa chithunzi kuti, "Musathamangire kugula, ingodinani kamtima mudikire, mayiwa amatsitsa okha." Ena anaika tinkhope toseka. Amene anagula pa mtengo wonse poyamba paja anayamba kundilembera kuti ndinawabera. Kuti ndiwapepese, nawonso ndinawachotsera. Kenako wina anati minibasi ikudula, ndinati ndilipira ndine. Maoda anachuluka moti foni inkachita kutentha, koma ndikapita kwa ejenti ndinkabwerako ndi tindalama tokwana m'chikhatho.

Amuna anga sindinawauze. Ndikanawauza bwanji, likhweru litangobwerera kumene? Dengu likapita, ndinkatenga ya malipiro anga a kumunda, kuphatikiza ndi tochepa tija, n'kuwapatsa mtengo wonse ngati kuti ndi mmene lagulidwira. Iwo ankalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Kani anthu akuikonda ntchitoyi eti." Ine n'kumati, "Kwambiri."

Kumunda nako zinaonongeka. Tiyi amafuna manja awiri ndi maso, masamba awiri ndi kansonga basi. Ine ndinkatchola ndi dzanja limodzi, lina lili m'thumba la epuloni kudikira foni injenjemere. Ndinkangokolopola ndi masamba okhwima omwe. Ku sikelo ankandibweza kuti ndikhale pansi ndisankhe, anzanga akupita kwawo. Akapitawo anandichenjeza mwa chikondi, anati, "Mayi a Tadala, manja anuwa ndimawadziwa, si awa ayi." Chilimwe chitafika, tiyi atachepa, pochepetsa anthu dzina langa linali m'gulu loyamba kuchoka. Malipiro atatha ndinapita kwa bambo wina wa katapila. Mbuzi yathu ndinagulitsa, kunyumba n'kunama kuti ndaibwereketsa kwa azakhali.

Koma choipitsitsa si chimenecho. Choipitsitsa ndi chimene ndinachita ndi pakamwa pangapa.

Maoda anali atandipanikiza, nsungwi zouma zitatha. Pa nsanja panali zaziwisi zokha. Ndinazitsitsa ndekha n'kukaziunjika pamapazi pa amuna anga.

Anati, "Izi sizinaume, mayi a Tadala."

Ndinati, "Anthu akudikira."

"Zifumbwa."

"Zikafumbwa zikafumbwira kwawo. Inu ntchito yanu ndi yokhala pansi, chikukuvutani n'chiyani?"

Amayi anzanga, mawu amenewo ndinawauza munthu amene sanasankhe kukhala pansi. Anayang'ana mwendo wawo, kenako anatola kampeni. Analuka madengu aja onse, koma nditawanyamula ndinaona kuti kamzere koda kaja mulibe. Ndinaona ndithu, n'kukhala ngati sindinaone.

Sipanapite nthawi yaitali. Tsiku lina masana, tili pakhonde tonse awiri, bambo wa kabaza anaima pabwalo atamangirira madengu kumbuyo. Anawalandira kwa kondakitala wa minibasi ku msewu, pamodzi ndi uthenga wa ogula. Munthu wosalakwa, anangonena mmene anamuuzira, mokweza: "Ati n'zofumbwa izi. Ati ngakhale anagula theka la mtengo, sanagule ufa."

Amuna anga anatenga dengu limodzi, analigogoda pansi pang'ono. Ufa wa nsungwi unangoti waa pa simenti. Anadikira wa kabaza uja apite.

"Theka la mtengo?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Kuyambira liti?"

"Kalekale."

"Nanga ndalama munkandipatsa ija inkachokera kuti?"

Ndinawauza zonse, za malipiro, za katapila, za mbuzi. Ndinkayembekezera kuti akalipa, mwina ndikanapepukidwa. Koma anangopukuta ufa uja m'manja mwawo pang'onopang'ono, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ine ndimayesa ndayambanso kudyetsa banja langa. Kani mumandidyetsa ndinu, ngati mwana womupatsa chidole kuti asalire." Kenako anati, "Shuga uja ndinadutsa naye pakhomo pa alamu, anali wanu?"

Ndinati, "Woyamba uja anali wanu ndithu."

Anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti sakudziwanso choti akhulupirire.

M'mawa mwake anadzuka, anasesa zipalo zonse za nsungwi pakhonde mpaka panayera. Anapinda bulangete lawo. Anati akukaona achemwali awo ku Thekerani. Mwamuna akamakaona abale ake satenga mpeni wa bambo ake, koma iwo anautenga. Ndinawaperekeza ndi maso akutsimphina kulowera ku siteji ya kabaza, ndipo sanacheuke.

Masabata otsatira sindikonda kuwakumbuka. Ndinkangogona, osasesa, osapita kutchalitchi. Tadala akaimba ndinkati abambo ako ali kubafa. Ndipo imvani misala yake: foni ikalira, wina wadina kamtima, chala changa chinkapita chokha. Tsiku lina ndinazindikira nditatumiza kale uthenga wochotsera mtengo wa dengu lomwe kulibe, la munthu yemwe kulibe. Pamapeto pake wa katapila uja anabwera n'kutenga foniyo ngati chikole. Ndinamutukwana mumtima, koma lero ndimati Mulungu anamutuma. Foni itachoka, nyumba inati zii, ndipo m'pamene ndinamva chimene chinasowa. Si kulira kwa foni ayi. Ndi kaphokoso ka mpeni ukupala nsungwi pakhonde, kaja ndinkati kakundisokoneza.

Ndinagulitsa nkhuku yomaliza, ndinanyamuka wa ku Thekerani pa tsiku la msika.

Sindinafikire kwa achemwali awo, nkhope yolowera pakhomopo ndinalibe. Ndinalowa mumsika. Ndinawaona ali patali, kumapeto kwa mzere wa ogulitsa nandolo, atakhala pa thumba, mwendo uja atautambasula. Kutsogolo kwawo kunali madengu ochepa chabe ndi tinsengwa ting'onoting'ono. Anali ataonda. Ndinabisala kuseri kwa benchi ya matemba, n'kumangowayang'ana.

Panabwera mayi wina wonenepa, wovala bwino, wooneka ngati mphunzitsi. Ananyamula dengu, analitembenuza, analikanikiza ndi bondo kuti aone kulimba. Anafunsa mtengo. Amuna anga anatchula. Mayi uja anaseka, ananenerera, anaika dengu pansi n'kuyamba kupita. Amayi anzanga, mtima wanga unadumpha. Pakamwa panga panatseguka pokha kuti ndikuwe, bwerani, tikuchotserani! Ndinachita kudzigwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Amuna anga sanamuitane. Sanamunyoze, sanakwiye. Anangoti, "Muyende bwino, amayi," n'kuwerama kupitiriza kupala nsungwi yawo.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, wa matemba mpaka anandifunsa ngati ndikugula kapena ndikulondera. Ena anabwera, anagwira madengu, anapita osabweranso. Amuna anga ankawapatsa moni onse, ndipo onse ankawatsanzika chimodzimodzi. Kenako mayi wonenepa uja anatulukira, atazungulira msika wonse. Sanalankhule zambiri, anamasula kachikwama, analipira yonse. Ndalama itakhazikika m'thumba la malaya, m'pamene amuna anga anatambasula dzanja, anatola kansengwa kamodzi n'kukaponya m'dengu muja. Anati, "Basela uyo, muziikamo mchere." Mayi uja anaseka mpaka kuwomba m'manja, anachoka akucheuka.

Pamenepo ndinawaona amayi anga pamsewu paja ngati ndi dzulo. Zoona, munthu sankachoka chimanjamanja. Koma nthochi ya basela inkakwera pamwamba pa mulu ndalama italowa kale m'chitenje. Wongoima n'kufunsa ankalandira moni, ndi moni yekhayo, ndipo palibe ankati wamanidwa. Ine ndinatenga mwambo wa amayi anga n'kuuyambira kumchira. Ndinkapereka basela kwa anthu odutsa pamsewu, ndipo basela wakeyo sanali nthochi, anali manja a amuna anga.

Ndinapukuta m'maso, ndinapita. Ndinagwada kutsogolo kwa madengu aja ngati kasitomala wina aliyense.

"Odi apa. Ili n'zingati?"

Anayamba aona mapazi anga, poti masilipasi aja anagula ndi iwo. Kenako anakweza maso. Sanadzidzimuke. Anatchula mtengo, wonse, womwe uja anatchula tsiku loyamba pakhonde pathu.

Ndinamasula mfundo ya chitenje. Zotsala za nkhuku zija sizinkafika ndi theka lomwe. Ndipo ine, mayi wochotsera dziko lonse, ndinapezeka ndikunena kuti, "Ndichotsereniko."

"Sindichotsera, mayi."

"Ngakhale ine?"

"Makamaka inu." Anayeza nsungwi ndi chala, kenako anati, "Ena aja sadziwa. Amaona dengu basi. Inu munkaona ndikulipala, munkaona zala zikutuluka magazi. Inu mukudziwa."

Ndinalira pamsika, anthu akuona. Ndinati, "Ndinakulakwirani, bambo a Tadala. Ndinkaopa kuti anthu osawadziwa andiona wouma mtima, n'kuumira mtima inuyo."

Sananene kuti ndakukhululukirani, ndipo sindikunamizani kuti ananena. Anasendera pa thumba paja kuti nane ndikhale. Anaitana mayi wogulitsa chinangwa chophika, anagula, ananyema pakati n'kundipatsa mbali yaikulu. Anati, "Idyani, mwachokera kutali." Tinadya. Pomaliza anatenga dengu ndinafunsa lija, analichotsa pa malonda n'kuliika kumbuyo kwawo. "Ndikusungirani," anatero. Kenako anapisa m'thumba la malaya, anatulutsa ndalama ya mayi wonenepa ija, anapatulapo ya thiransipoti yanga. Anati, "Iyi ndi yanga ndithu. Palibe wandipatsa." Ndinailandira ndi manja awiri, nditagwada.

Ndinabwerera ndekha, wopanda dengu, wopanda mwamuna. Koma kwa nthawi yoyamba ndinkadziwa chochita.

Ndinayambira kwa ankhoswe. Ndinawauza ndekha kuti amuna anga sanathawe banja, ndinawathamangitsa ndine ndi bodza komanso pakamwa. Achimwene anga anali pompo. Ndinawauzanso kuti moni wawo wa "pakhondepo" uja athe nawo, ndipo anaweramitsa mutu. Tadala ndinamuimbira pa foni ya aneba n'kumuuza zoona. Analira, anandikalipira, kenako mwezi utatha anandithandiza kuwombola foni. Ngongole yotsala ndinaibweza ndi maganyu, kupalira m'minda ya anthu, kusenza njerwa, chilichonse. Nditatenga foni ija ndinalemba pa tsamba langa mawu ochepa: kuti madengu ofumbwa aja ndinakakamiza ndine, kuti woluka anakana, ndi kuti aliyense amene anawalandira ndimubwezera pang'onopang'ono. Ena ananditukwana. Ena, omwe sindinkawayembekezera, anati tidikira, tiuzeni akadzayambanso.

Mvula itagwa, tiyi ataphuka, ndinapita kwa akapitawo kukapempha. Anandiyang'ana m'manja, anati, "Foni ili kuti?" Ndinati ili kunyumba, m'poto wopanda ntchito, ndavundikira. Anaseka n'kundilemba. Mpaka lero kumunda foni sipita. Ndinatchola ndi manja awiri, ndi dengu lobwereka, ndipo malipiro alionse ndinkapatula kangachepe n'kumanga pa mfundo yakeyake.

Itakwana, ndinapitanso ku Thekerani. Ndinawapeza pamalo pomwe paja. Ndinagwada, ndinaika ndalama pa thumba. Sanaiwerenge. Anatembenuka, anatulutsa dengu lija kumbuyo, atalikulunga m'chiguduli kuti lisade. Kamzere koda kali pamalo pake. Ndinalilandira, koma sindinadzuke.

Anati, "Mukudikiranso chiyani, mayi?"

Ndinati, "Basela. Mayi uja munamupatsa, ndinaona."

Anayang'ana uku ndi uku. Tinsengwa tinali titatha. Anakanda m'mutu, ndipo ndinaona kukamwa kwawo kukuyamba kugwedera.

"Basela watsala ndi mmodzi," anatero, "koma ndi wotsimphina, ndiponso amadya kwambiri."

Ndinati, "Ndimutenga choncho."

Tinakwera kabaza ziwiri, ine ndi dengu kutsogolo, basela kumbuyo.

Ndiye mwina mukufunsa kuti, mayi a Tadala, kodi kuchotsera anthu amene aonetsa chidwi n'kulakwa? Ayi, sindinatero. Pena kumathandiza, nanenso ndimachotsera mpaka pano. Koma kamtima si odi. Munthu amadina ali mu minibasi, akuganiza za ndiwo, mwina chala changoterereka. Ameneyo ndimamupatsa moni, ndimamuonetsa chithunzi china, ndimamuuza mmene nsungwi imamwera utsi, basi. Amene ndimamuchotsera ndi uja wabweranso kachiwiri, kapena wofuna madengu angapo pa ulendo umodzi, poti minibasi imakhala imodzi. Ndimachotsera kamodzi, ndimamuuza tsiku lothera, ndipo likadutsa mtengo umabwerera pamalo pake ngakhale alire. Ndipo chala changa sichidina paja ndisanapite pakhonde kukafunsa mwini manja. Akati ayi, ndi ayi. Akati nsungwi sizinaume, makasitomala amadikira, ndipo mudabwa, ambiri amadikiradi. Ena amapita, ndipo ndinaphunzira kunena kuti muyende bwino popanda kumva kuti ndapha munthu.

Tikugulitsa madengu ochepa kuposa nthawi ija. Sitinalemere. Mbuzi tinagula ina, yaing'ono. Koma shuga wa m'nyumba mwathu amagula ndi bambo a Tadala, ndi ndalama yawo, ndipo akudziwa kuti ndi yawo.

Inu amene mukugulitsa zitenje, uchi, mapeyala, makeke, mukapita kunyumba lero mudzifunse kuti chimene mukuchotsacho mukuchichotsa pa ndani. Nthawi zonse pamakhala munthu. Mwina ndi mayi anu okazinga, mwina ndi mwana wanu woyenda ndi katundu padzuwa, mwina ndi msana wanu womwe. Ngati pali amene mukumubisira mtengo weniweni, musadikire wa kabaza adzanene m'malo mwanu. Kamuuzeni lero, dzuwa lisanalowe. Zipweteka, koma sizipweteka ngati kuona munthu akusesa pakhonde pako komaliza.

Dengu ili ndi lomwe lija. Ndatchola nalo sizoni yonse, mvula yalimenya, silinafumbwe ngakhale pang'ono. M'nyumba mwanga mulibe chinthu china chimene ndinagula modula chonchi, ndipo mulibe chimene ndimachikonda kuposa ichi.

Ndaona amayi ena kutsogoloku mukulisisita ndi maso kuyambira pamene ndinaimirira. Ili ndanena kale, si la malonda. Koma eni ake ali panjapo, pansi pa mtengo wa mapeyala, abwera ndi ena atsopano. Ati sangalowe, nkhani yotere amachita nayo manyazi. Tatcherani khutu pang'ono. Mwamva? Likhweru limenelo ndi lawo.

Mukatuluka kawapatseni moni, mufunse mtengo. Koma ndikupempheni chimodzi, musavutike kunenerera. Ine mkazi wawo sanandichotsere.